Ndani agwire foni Loweruka?

Aphungu,

Ndiyambe ndi nkhani yabwino, chifukwa vuto langa latulukira m'kati mwa nkhani yabwinoyo. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, akufunidwa ndi koleji ina ya kunja kwa dziko kuti azikaphunzira kumeneko kwinaku akusewera mpira wa miyendo. Akuti akakhutira naye, sukulu ndi malo ogona adzamulipirira okha. Sanamutenge ayi, angoonetsa chidwi. Koma kunyumba kwathu chiyambire sabata yatha palibe amene akuyenda bwinobwino. Aliyense akuyenda ngati akumva nyimbo m'mutu.

Mwanayu ndi wotchinga kumbuyo. Anzake anamupatsa dzina loti Loko, akuti iye akatseka ndiye kwatsekedwa. Ndizimutchula choncho m'kalata muno, pakuti ngakhale bambo ake dzina lenilenilo analiiwala kalekale. Chaka chino akumaliza sekondale. Mphunzitsi wake wa mpira pasukulupo, amene tonse timangoti a Kochi, ndi amene analembera makoleji angapo. Ambiri sanayankhe. Imodzi yayankha, ndipo mayi amene amaphunzitsa timu ya atsikana kumeneko wapempha chinthu chimodzi: kanema wa masewera amodzi athunthu, kuyambira mluzu woyamba mpaka womaliza, wosadula. Akuti zigoli alibe nazo ntchito. Akufuna kuona zomwe Loko amachita mpira ukakhala kutali ndi iye: amaima pati, amayang'ana kuti, amalankhula bwanji ndi anzake. Kanemayo afike mwezi uno usanathe, apo ayi malowo apatsa wina.

Tinati zimenezo n'zosavuta, pakuti amuna anga akhala akujambula masewera a mwanayu pafoni chiyambire ali wamng'ono. Iwowa ndi ometa tsitsi, ali ndi kashopu kawo pafupi ndi siteji ya basi. Aliyense wolowa mmenemo amatuluka atameta komanso atadziwa mbiri yonse ya Loko, afune asafune. Pagalasi anamata zithunzi zake zochuluka moti wometedwa amadziona mphuno yokha.

Lamlungu masana tinakhala pabalaza kuti tisankhe kanema wotumiza. Tinalipo ine, amuna anga, Loko, a Kochi ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, amene sasowa paliponse pali nkhani. Tinalumikiza foni ku tivi. Aphungu, sindikumbukira tsiku lina lomwe ndinaseka chonchija.

Kanema woyamba anayamba bwino ndithu. Bwalo linkaoneka, ana ankaoneka. Koma Loko atangothamangira mtsikana wa timu inayo kuti amulande mpira, tinaona mitambo. Mitambo yokongola zedi, ndi khwangwala mmodzi akudutsa. Kenako tinaona nsapato za amuna anga, kenako udzu, kenako m'kamwa mwa bambo wina amene tonse sitikumudziwa. Mawu okha ndi amene sankasowa: "Ameneyo ndi wanga! Ndinabereka ndekha ameneyo!"

Mlamu wanga anati, "Achimwene, munabereka nokha? Ndiye alamu angawa ankangoonerera?"

Mu kanema wachiwiri, Loko ankaoneka ngati nyerere kumapeto kwa bwalo, koma woyimbira masewera ankaoneka bwinobwino mpaka thukuta la pakhosi, uku amuna anga akumufunsa kuti, "Iwe woyimbira iwe, maso unabwereketsa ndani lero?" Wachitatu ndiye foni inalowa m'thumba la buluku ikujambulabe. Chigawo chachiwiri chonse chinali mdima wokhawokha ndi kulira kwa makiyi.

A Kochi, amene ndi munthu waulemu kwambiri, anavula magalasi n'kupukuta m'maso, nati, "Bambo, tikatumiza zimenezi kolejiyo itenga inuyo. Mukaphunzire za nyengo."

Amuna anga sanakhumudwe n'komwe. Anati, "Ndiye mumafuna mwana wanga alande mpira chonchija, ine n'kungoima njoo ngati mtengo wa magetsi? Mwazi ulipo m'thupi muno, a Kochi."

Titatha kuseka tinazindikira kuti tilibe chotumiza. Masewera atsala amodzi okha chaka chino, Loweruka likubwerali, pabwalo la sukulu yawo. Akatha amenewo ana akulowa m'mayeso, mpira watsekedwa. Panafunika munthu wa manja osagwedezeka. Pamenepo Loko, akupukutabe misozi ya kuseka, anati, "Ajambule Amayi. Amayi sasangalala."

Mwanayo anaona nkhope yanga, n'kufulumira kukonza: "Ndikutanthauza kuti sadumpha."

Onse anavomereza nthawi yomweyo. Amuna anga anati, "Wanena zoona mwanawe. Mayi akowa akhoza kunyamula kapu yodzadza pa chivomerezi osataya dontho. Ine tsiku lomwe ndinawafunsira anangoti 'chabwino', ngati ndawauza kuti kunja kukugwa mvula." Tonse tinaseka. Inenso ndinaseka nawo, ndipo ndinavomera kuti ndijambula.

Sindikuwaimba mlandu poganiza choncho. Ine ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza madzi akumwa. Tsiku lonse ndimadonthetsa mankhwala m'timabotolo tagalasi, dontho limodzi limodzi, n'kumadikira kuti mtundu wa madziwo usinthe. M'chipinda mwathu phokoso ndi la firiji basi. Zimenezi ndi zomwe ndinaphunzira ku yunivesite, ndipo pa ntchitoyo dzanja langa silinjenjemera. Kunyumba ndine wosalankhulalankhula. Nthawi zambiri ndikamapeza mawu oyenera, nkhani imakhala itapita kale kwina.

Koma pali chomwe a m'banja mwanga sadziwa. Kubwalo ndimakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi mpope wa madzi, chikwama chili pamiyendo. Ondiona amati mayi uja ndi wodekha. Zoona zake n'zakuti wosewera wa timu inayo akayamba kuthamangira kwa Loko ndi mpira, ine ndimatsegula chikwama ngati ndikufunafuna kanthu, kapena ndimangotsinzina. Zomwe zachitika ndimazidziwira ku mawu a amuna anga. Akakuwa mokweza, ndimadziwa kuti walanda. Akayamba kunena woyimbira, ndimadziwa kuti wagwetsedwa. Pobwerera kunyumba zala zanga zimakhala zili ndi mizere ya lamba wa chikwama. Kulanda mpira kumene tauni yonse imakutama, ine mayi ake sindinakuonepo ndi maso anga. Ndimangokumva. Chifukwa chake sindichidziwa bwino. Mwina n'choti wotchinga akalakwitsa aliyense amaona, pomwe akachita bwino anthu amangoti palibe chachitika, ndiye mtima wanga umangodikira kulakwitsako.

Lolemba nditaweruka ndinapita kukayesera pomwe anawo amakonzekera. Ndinaima kuseri kwa mpanda n'kukweza foni. Anali masewera ongokonzekera, Aphungu, anzake okhaokha, opanda chikho chilichonse. Koma nditaonera zomwe ndinajambulazo, ana onse ankaoneka ngati akusewera pansi pa madzi. Ndinazifufuta zonsezo mwanayo asanandione.

Chomwe chikundiwawa n'choti ine ndikusangalala, mwina kuposa onsewo. Tsiku lomwe uthenga wa kolejiyo unafika ndinali kuntchito. Ndinalowa m'kachipinda komwe timasungira mabotolo, n'kutseka chitseko, n'kuima mmenemo ndikumwetulira mashelefu. Mnzanga wa kuntchito atandipeza anati, "Asisi, mwanunkhiza mankhwala ati?" Poweruka ndinapitirira geti la kwathu mpaka kumapeto kwa msewu n'kubwerera, chifukwa miyendo inkakana kuima. Nditalowa m'nyumba ndinatenga jezi yake, yomwe inali yochapa kale, n'kuichapanso. Kusangalala kwanga kumaoneka choncho, ndipo ndani angadziwe kuti mayi amene akuchapa akuvina?

Tsopano ndagwira njakata. Ndikakana kujambula, ndiyenera kunena chifukwa, ndipo ndikuopa kuti mwana amene amanditenga ngati thanthwe akadziwa kuti ndimanjenjemera, mantha anga amulowa pa tsiku lomwe sakufunika mantha. Ndikajambula manja n'kunditaya, ndamuphera mwayi ndi manja anga omwe. Ndipo nditalimba mtima n'kujambula bwinobwino, osagwedezeka mpaka mluzu womaliza, ndiye kuti mwanayu adzakwera ndege ali ndi umboni woti ananena zoona, mayi ake sasangalala.

Amuna anga akuti ngati ndikukayika, tiwamangirire pamtengo ndi chingwe ajambule okha. Mlamu wanga akuti tisavutike ndi makanema, akudziwa bambo wina amene "amatumiza ana kunja" popanda zonsezi.

Ndithandizeni, Aphungu. Loweruka silikundidikira.

Ine wanu,
N.K., m'tauni, kuseri kwa bwalo la sukulu

*

Mayi N.K.,

Mwabereka, mayi, ndipo mwalera. Kalata yanu ndaiwerenga ndikuseka mpaka anzanga a mu ofesi muno abwera kudzafunsa chomwe chachitika. Amuna anuwo muwapatse moni. Mwana amene ali ndi bambo wojambula mitambo ndi mayi wochapa zochapa kale ndi wolemera, ngakhale kolejiyo itapanda kumutenga.

Funso lanu lili ndi yankho lalifupi. Foniyo musaigwire. Amuna anu asaigwirenso, kaya omangidwa kaya omasuka. Mlamu wanu ndiye asaiyandikire n'komwe. Pabalaza panu paja munalakwitsa chinthu chimodzi: munkafunafuna pakati panu munthu wopanda chimwemwe. M'nyumba mwanumo mulibe munthu wotero. Ntchitoyi ipatseni chinthu chomwe sichinabereke.

Pezani choikapo kamera cha miyendo itatu. Funsani a Kochi, a pasukulupo, kapena aliyense wojambula zithunzi m'tauni mwanumo. Chikasowa, mangani foniyo ndi mphira pa chitsulo cha pakhonde la sukuluyo, bola isagwedezeke. Ikhale pamalo okwera, moyang'anizana ndi mzere wa pakati pa bwalo. Ngati sukuluyo ili ndi khonde la m'mwamba, ndi pomwepo. Ngati ilibe, pemphani wa lole aimike galimoto yake pambali pa bwalo, foni ikwere kumbuyo. Muigoneke cham'mbali, isaime chilili, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwake. Pasapezeke wokokera chithunzi pafupi kuti aone nkhope ya Loko. Mayi wa ku kolejiyo wanena yekha kuti akufuna kuona pomwe mwanayo amaima mpira uli kutali, ndiye afunika kuona bwalo, osati thukuta.

Pafoniyo paime munthu wopanda m'bale m'bwalomo. Mnzanu wa kuntchito uja akhoza kukhala woyenera, makamaka ngati mpira samaukonda. Ntchito yake ndi kuitembenuza pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, pakamwa ali chitsekere. Amuna anu akakhale tsidya lina la bwalo. Mawu awo adzamvekabe, musadere nkhawa, koma asakhale pakhutu pa foni.

Zonsezi muziyesere sabata ino pomwe ana akukonzekera, osati Loweruka m'mawa. Onetsetsani kuti foniyo ili ndi malo okwanira masewera onse, batire ndi lodzadza, ndipo mwatseka kuti wina asaimbe m'kati mwa masewera. Ngati pali foni yachiwiri, imangidwe kuseri kwa golo, yoyambayo ikakana pakhale pothawira. A Kochi adziwitse akuluakulu a sukulu ndi a timu inayo kuti kukhala kujambula, pakuti m'bwalomo muli ana a eni ake.

Mukajambula, musadule kanthu. Loko akadzaterereka kapena kuphonya mpira, zisiyeni momwemo. Mphunzitsi wodziwa ntchito amayang'ana zomwe wosewera amachita akangolakwitsa, ndipo kanema wopanda cholakwa amamukayikira. Uthenga woperekeza kanemayo alembe Loko mwini wake, mwachidule: mtundu wa jezi, nambala yake, mbali yomwe timu yake yayambira, ndi timu yomwe akusewera nayo. Mutumize Loweruka lomwelo kapena Lamlungu, chifukwa kanema wamtali amachedwa kukwera pa intaneti. Zikakanika, kaya ndi mvula kaya ndi foni, mulembereni mayiyo tsiku lomwelo, mufunse ngati angalandire masewera ena omwe a Kochi angakonze. Anthu amakana mukawabisira, koma mukawauza msanga nthawi zambiri amamva.

Tsopano ntchito yanu yeniyeni, yomwe pabalaza paja palibe anaitchula. Mphunzitsi wa mpira amasankha wosewera, koma wophunzira amalandiridwa ndi ofesi ina. Mayeso omwe akubwerawo ndi olemera ngati Loweruka, mwinanso kuposa. Inu munadutsa ku yunivesite, makomo amenewa mumawadziwa. Funsani kuti akufuna zotsatira ziti, ziyenera kutsimikizidwa ndi ndani, pali mayeso a chiyankhulo kapena ayi, ndipo zonse zifike liti. Pasipoti yambani kuithamangira lero. Funsaninso, ndipo akuyankheni molemba: kodi zomwe adzalipire ndi ziti, zotsala kwa inu ndi ziti? Mwana akavulala, maphunziro apitirira? Mphunzitsiyo akachoka ntchito, lonjezo lake limatsala? Kolejiyo muilembere pa adiresi yomwe mwaipeza nokha, mutsimikize kuti mayiyo amagwiradi ntchito kumeneko. Ndipo mufunse Loko chomwe akufuna kukaphunzira, mudikire ayankhe yekha. Mpira umatha bondo likatopa, pepala silitopa.

Bambo uja akumudziwa mlamu wanu, "wotumiza ana kunja", akhale komweko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malo a ku koleji sagawidwa kuseri kwa nyumba, ndipo musapatse munthu wotero pasipoti kapena satifiketi ya mwana. Amuna anunso muwauze kuti ometetsa asamve kaye kuti mwana wapita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pakali pano uyu akadali pachala.

Nanga mawu aja, oti Amayi sasangalala? Mwanayo sananene kuti akupwetekeni. Ananena zomwe wakhala akuona, ndipo zomwe wakhala akuona ndi mayi woweramira m'chikwama. Sangadziwe zomwe simunamuuze. Muuzeni. Osati Loweruka m'mawa, koma lero kapena mawa, muli awiri, manja ali pa ntchito ina, kaya mukupinda zovala. Simufunika mawu ambiri, ndipo ndaona m'kalata yanu kuti mawu muli nawo. Mungoti, "Sindijambula ine, chifukwa ukamasewera manja anga amanjenjemera." Akafunsa zambiri, muuzeni za kachipinda ka mabotolo ndi za geti lomwe munalipitirira. Mantha anu samulowa ayi. Mtsikana amene amaima kutsogolo kwa anthu othamanga n'kuwalanda mpira sangagwe chifukwa chomva kuti mayi ake amamukonda mpaka kutsinzina. Adzaseka, mwina adzakunenani sabata yonse, ndipo adzapita nazo kulikonse komwe akupita. Thanthwe silikumbatirika, mayi. Mulekeni adziwe kuti ndinu munthu.

Chenjezo langa ndi ili: Loweruka musayese kusanduka amuna anu. Mukakuwa mwadzidzidzi mutakhala chete zaka zonsezi, mwanayo adzatembenuka kuti aone chomwe chawagwera mayi ake, wa timu inayo n'kudutsa, ndipo foni yosagwedezeka ija idzajambula zonsezo bwinobwino. Khalani pamalo panu pomwe paja, mwakachetechete monga mumakhalira. Koma chikwama chitsale kunyumba. Akamadzabwera wothamanga uja ndi mpira, gwirani benchi, gwirani bondo lanu, gwirani dzanja la mlamu wanu ngati palibe china, koma maso akhale otsegula. Zikayenda bwino, chaka chamawa mudzamuonera pagalasi la foni ali kutali, wamng'ono ngati chala. Loweruka lino ali pafupi, pabwalo lomwe fumbi lake limafika pakhomo panu. Foni ijambulire a ku koleji. Inu muoneni mwana wanu.

Aphungu